Pasiwedi ya Msiyeni

Sendezani mipando mbali ino, utsi ukupita uko. Iyi si nkhani ya makolo akale ayi, ndi ya dzana dzanali, nthawi ino ya mafoni, ndipo mwini wake ali moyo, akuphunzitsa ana a anthu kwinakwake.

Dzina lake Msiyeni Gwedeza. Anali pa koleji ya aphunzitsi, ndipo mukudziwa mmene amachitira kumeneko: chaka choyamba umakhala pansi kumvera, chachiwiri amakuponya ku sukulu ya kumudzi kuti ukagwire choko, aone ngati ndiwe mphunzitsi kapena unangopita kukadya nyemba za pa koleji.

Asanabalalike, panali phunziro lomaliza la a Chirambo, bambo wamtali wa magalasi amene ankawaphunzitsa za makompyuta. Aliyense anamutsegulira akaunti yake pa intaneti. M'menemo ndi mmene ankayenera kumatumizamo pulani ya phunziro lililonse, ndipo malikisi a chaka chonse ankachokera m'mapulaniwo, kuphatikiza tsiku limene a Chirambo adzabwere okha kudzakhala kumbuyo kwa kalasi. Ukagwa pamenepo, satifiketi palibe, ubwerere kwanu ukagwire khasu.

"Akaunti ndi nyumba yako, pasiwedi ndiye kiyi," anatero a Chirambo. "Musaike tsiku lanu lobadwa. Musaike dzina la chibwenzi, chifukwa mukadzasiyana mudzalira kawiri. Ndipo inu a Yesu123, ndikukuonani."

Theka la kalasi linawerama ndi manyazi, linalo n'kumaseka.

"Sankhani mawu amene sali pa pepala lanu lililonse, amene munthu sangawalote, amene simunawatchulepo pagulu. Mukatero muwatsekere m'mutu. Amene ndidzamugwire atabwereketsa pasiwedi, ndidzafufuta zonse zili m'menemo, ayambirenso ngati wabwera dzulo."

Msiyeni sanavutike kuganiza. Mawu oterowo anali nawo. Mukuona, iyeyu atabadwa anapatsidwa dzina lina. Koma khandalo linkalira usana ndi usiku, bere kukana, thupi kumangotha, mpaka akuluakulu anati mwanayu akukana dzina. Analichotsa, n'kumutcha Msiyeni, kulira n'kutha. Dzina loyambalo silinalembedwe pa khadi la kusikelo, silinafike kutchalitchi, ndipo pakhomo pawo panalibe wolitchula. Iye analimva kamodzi kokha ali wamng'ono, litawapulumuka amayi ake aang'ono, ndipo anaona mmene amayi ake anawatsekera pakamwa ndi dzanja lonyowa ndi madzi otsukira mbale. Linali Dolifa.

Analilemba, n'kuwonjezera timanambala kumapeto. Kamzere ka pa kompyuta kanasanduka kobiriwira, kusonyeza kuti pasiwedi ndi yolimba. Anamwetulira yekha.

Anamutumiza ku Kamphelo, kumapiri a ku Ntchisi uko, kumene nkhungu imagona pabwalo mpaka dzuwa litakwera. Anapita ndi mnzake Tinyade, mtsikana wapakamwa, amene amatha kukuseketsa ngakhale pamaliro. Anawapatsa kanyumba kamodzi kuseri kwa makalasi. Msiyeni anatenga sitandade 4, Tinyade sitandade 2.

Netiweki ku Kamphelo inkagwira malo amodzi okha, pa golo la kumunsi kwa bwalo la mpira. Ndiye madzulo aliwonse ana akaweruka, Msiyeni ankaima pamenepo, foni m'mwamba ngati akupempha mvula. Netiweki ikaduka, ayambirenso kulemba pasiwedi. Ikadukanso, alembenso. Ndipo paja enafe chala chikamalemba, milomo imatsatira pansipansi. Iye sankadziwa n'komwe kuti amatero.

Miyezi yoyamba zinayenda. Kenako malungo anamugwetsa tsiku lomwe pulani inkafunika. Tinyade anali pa ulendo wa ku msika wa kumsewu, kumene kuli kashopu kotchaja mafoni kokhala ndi kompyuta.

"Bweretsa ndikakutumizire," anatero Tinyade. "Pasiwedi?"

"A Chirambo anati..."

"A Chirambo ali m'tauni akumwa tiyi wamkaka. Iwe ukunjenjemera apa ngati mwanapiye. Nena."

Msiyeni anamunong'oneza m'khutu.

"Dolifa? Ndani ameneyo, mkazi mnzako?"

"Usatchule. Ukangolemba basi."

Atachira, tinthu tinayamba.

Choyamba chinali choko. Ankachisunga m'kachitini pa zenera la kalasi, koma m'mawa ankapeza tizidutswa tokhatokha, todyeka mbali imodzi ngati wina amalemba mokanikiza.

"Iwe, ukamaba choko uzindisiyirako chachitali," anauza Tinyade.

"Choko chako ndichitenji, ndidye? Ndilibe pakati ine."

Kenako bolodi. Ankalowa m'kalasi m'mawa n'kupeza deti yalembedwa kale pakona, zilembo zopendekeka, zogwirana bwinobwino, za munthu amene anaphunzira kulemba ndodo ili pambali. Anaganiza kuti ndi a hedi. Atapita kukawathokoza, a hedi anangomuyang'ana, n'kumufunsa ngati malungo aja anatheratu.

Madzulo ena anapita ku golo kuja kuti atumize pulani ya phunziro la mbewu. Atalowa, foni inamuuza kuti pulaniyo yatumizidwa kale. Anaitsegula. Inali ya mbewu ndithu, koma sinali yake. Inali yoyalidwa bwino, chilichonse pamalo pake, mafunso ake oti ngakhale mwana wogona angadzuke. Chinamuimitsa mutu ndi kalembedwe. Pamene iye akanalemba kuti chimanga, panali cimanga. Cinangwa. Cifukwa. Monga m'mabuku akale a nyimbo a kutchalitchi aja, ong'ambika zikuto, amene achinyamata amapunthwa nawo powerenga.

Pansi pake a Chirambo anali atayankha kale: "Pulani yoposa onse sabata ino. Koma h mwamusiya kuti, madamu?"

Msiyeni anawerenganso, mphepo ikumukupiza siketi. Mapulani ake enieni, a Chirambo ankangolemba pansi pake kuti yesetsani. Nambala yawo anali nayo, chala chinafika pamenepo. Koma anakumbukira za kufufuta zija, ndiponso, tinene zoona, mawu oti yoposa onse anamukomera. Anabweza foni m'thumba, n'kudziuza kuti ndi makina asokonekera, akonzeka okha.

Mapulani anapitiriza kubwera okha. A Chirambo anapitiriza kuyamikira. Msiyeni tulo tinayamba kumuthawa, chakudya osalowa, kumangotuluka n'kulowa m'nyumba ngati waiwala kanthu.

Sitandade 4 ya ku Kamphelo inali kalasi yaphokoso, ana odzaza mpaka pakhomo, okhala pansi, okankhana, olandana mapensulo. Koma tsiku lina akuchokera ku ofesi nthawi yopuma itatha, anawapeza ali chete, misana chilili, manja atapinda pachifuwa.

"Madamu, tiimbenso ija?" anafunsa mtsikana wina wa kutsogolo.

"Iti?"

"Ija munatiphunzitsa dzulo titaweruka, pansi pa mbawa."

Dzulo ataweruka iye anali kumjigo akuchapa. Anangoti imbani. Ana anayamba kanyimbo kowerengera manambala, kapang'onopang'ono, kokoka ngati ka pamaliro. Msiyeni anali asanakamvepo chibadwire. Koma ana atafika pakati, anapeza kuti pakhosi pake pakudziwa kumene nyimboyo ikukhotera.

Loweruka lake anakumana ndi bambo wa kabaza amene amanyamula anthu kuchokera kumsewu. Anatsika njinga, n'kuvula chipewa.

"Madamu, munafika bwino tsiku lija?"

"Tsiku liti, bambo?"

"Madzulo aja ndinakutengani pa msika. Tsiku lomwe anzanu aja anabwera ku shopu ya mafoni."

"Ine tsiku limenelo ndinali chigonere ndi malungo."

Bamboyo anaseka ngati akuuzidwa nthabwala. "Ndinu ndithu. Munati tifulumire, mwaitanidwa ku sukulu. Koma ndiye mumapepuka, madamu. Pokwera chitunda ndinkachita kucheuka kuona ngati mudakalipo."

Msiyeni anathamangira kunyumba. Anapeza Tinyade akusenda mbatata pakhonde.

"Tinyade, pasiwedi yanga unapatsa ndani?"

"Palibe."

"Yang'ana kuno."

Tinyade anaika mpeni pansi. "Chabwino. Mnyamata wa pa shopu paja salola munthu kugwira kompyuta yake, amalemba yekha. Ndiye pafupi pali chigayo, phokoso lake ukulidziwa. Ndinanong'ona, sanamve. Ndinanenanso, akuti chiyani. Ndiye ndinakweza mawu."

"Unakuwa."

"Pang'ono. Ndinati Dolifa, D wamkulu. Anthu anaseka, mpaka wina panja anayankha kuti wawa, tinasekanso." Tinyade anasiya kumwetulira. "Mayi wina wake. Sindinamuone nkhope, anali kuseri kwa chitseko."

Madzulo omwewo Msiyeni anathamangira ku golo kuti akasinthe pasiwedi. Foni inamuuza kuti yatumiza timanambala totsimikizira ku nambala imene analembetsa potsegula akaunti. Anadikira, uthenga osabwera. Atayang'anitsitsa anaona vuto: nambala yake inali ya simukhadi yakale, imene inatayika pamodzi ndi kachikwama mu minibasi chaka chatha. A Chirambo anali atanena kuti nambala ikatayika muzisintha msanga. Iye ankangoti mawa.

Anaganiza kuti mwina wotola simukhadiyo ndi amene akumuseweretsa. Maganizo amenewo anamupatsa mphamvu, chifukwa wakuba ndi munthu, umatha kumukalipira. Anaimba nambala ija.

Inaitana. Inaitananso. Kenako wina anayankha koma osalankhula. Kunkamveka phokoso lakutali, ngati ana ambiri akubwereza mawu pamodzi, ndi kukwecha kwa choko pa bolodi. Msiyeni anacheuka kuyang'ana makalasi. Zitseko zonse zinali zotseka, mbuzi zitagona m'makonde.

"Halo," anatero. "Nambala imeneyi ndi yanga."

"Ndili m'kalasi," anayankha mawu aja, modekha. "Muimbenso nthawi yopuma."

Mawuwo anawadziwa. Anali aja amadana nawo akamamvera uthenga umene wadzijambula yekha pa foni.

Sanachoke pa golo paja. Anaimbira amayi ake kumudzi.

"Amayi, Dolifa anali ndani?"

Pa foni pankamveka nkhuku za kumudzi zikulowa m'khola.

"Wakuuza ndani kuti ulitchule?"

"Sinditchula, ndimangolemba pa foni. Ndi kiyi wa zinthu za kusukulu."

"Umalemba kangati?"

"Tsiku lililonse. Netiweki ikavuta, kambirimbiri."

"Mwana iwe." Amayi anapumira m'mwamba. "Ndiye wakhala ukuitana munthu miyezi yonseyi, lero ukudabwa kuti wabwera?"

"Ndani, amayi?"

"Azakhali ako, alongo awo a bambo ako, aakulu. Anaphunzira za uphunzitsi kwa amishoni, anamaliza, diresi anasoketsa. Sukulu yokaphunzitsa anali atawauza kale. Sanafikeko."

"Chinachitika n'chiyani?"

"Zimenezo si za pa foni. Ife tinakupatsa dzinalo powakumbukira, koma iwo sanafune kukumbukiridwa, anafuna malo. Tinakalisiya pa mphambano ndi ufa, bambo ako akulira. Iwe wakalitola."

"Ndichite bwanji tsono?"

"Za makina anuwo ine sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti akakuitana nalo, usavomere. Ngakhale mawu atakhala anga."

Mayunitsi anathera pomwepo.

Sabata imeneyo uthenga unabwera kuti a Chirambo afika Lachinayi. Ndipo ndi sabata yomweyo imene Msiyeni anayamba kudziona zachilendo. Polemba pa bolodi, dzanja linkadumpha h lokha, mpaka achite kubwerera kukamulowetsa pakati. Tsiku lina a hedi anamuitana pabwalo, Madamu Gwedeza, Msiyeni, mpaka kumuwombera m'manja, iye akungoyenda, akudabwa kuti munthu akuitanidwayo bwanji sakuyankha. Pochapa kumjigo ankapezeka akung'ung'udza kanyimbo ka manambala kaja. Tinyade anasiya nthabwala. Anayamba kugona atatsamiritsa mpando ku chitseko.

Lachitatu madzulo, dzuwa litangolowa, anakhala awiriwo pakhonde osayatsa nyale. Kuchokera ku makalasi kunkamveka tsache, wina akusesa mosafulumira, kona ndi kona. Palibe anafunsa mnzake ngati akumva.

"Ndikuuze maganizo anga?" anatero Tinyade pansipansi. "Ungokhala chete. Mawa lidutse, malikisi alowe, kenako tidzapite kwa abusa kapena kulikonse. Ukaulula, afufuta zonse. Chaka chonse chipite m'madzi chifukwa cha pakamwa panga?"

"Malikisi akalowa, wopambanayo adzakhala ndani?"

"Dzina pa satifiketi ndi lako."

"Lero a hedi andiitana ndi dzina limenelo, ine osatembenuka."

Tsache lija linaima kaye, ngati nalonso likumvetsera, kenako linapitiriza.

Msiyeni anasita diresi lake la buluu ndi simbi ya makala, n'kulipachika pa msomali. Anagona asanasankhe chochita.

Iye anali munthu wodzuka ndi tambala, koma Lachinayi limenelo anatsegula maso kunja kutayera kale. Tinyade kunalibe. Pa msomali panalibe diresi, nsapato zake zakuda panalibenso pansi pa bedi. Anavala chimene chinali pafupi, diresi lofwifwa lochapira ndi masilipasi, n'kutuluka.

Nkhungu inali itatseka bwalo lonse. Galimoto ya koleji inali itaima kale pansi pa mbawa, mame ali mbuu pa galasi. Pakhomo la sitandade 2 Tinyade anasuzumira, ndipo atamuona anagwira chitseko ndi manja awiri.

"Iwe si unatuluka m'mamawa? Unandipatsa moni. Unati ndisachedwe."

Msiyeni anangodutsa. Kuchokera ku sitandade 4 kunkamveka ana akuyankha pamodzi, mwadongosolo, ngati kwaya.

Mazenera a ku Kamphelo ndi a njerwa zamabowo, umaona zinthu mwapatalipatali. Anaona misana ya ana itawongoka. Anaona a Chirambo kumbuyo pa mpando wa a hedi, atawerama, akulemba, mutu ukuvomereza. Kutsogolo khoma linkatchinga. Chimene ankaona ndi mkono wokha wa diresi la buluu, ukukwera ndi kutsika pa bolodi. Dzanja lake sanalione bwino, ndipo mpaka lero safuna kufunsidwa za dzanjalo.

Phunziro linali lokoma, zimenezo sitingabise. Mawu ankatuluka mofatsa, funso lililonse lofika pamtima, moti Msiyeni anapeza kuti dzanja lake lomwe layamba kukwera kuti ayankhe. Akanatha kubwerera kunyumba, kukafunda bulangete, kudikira belu. Palibe akanadziwa. Miyendo inali itayamba kale kutembenuka, mtima uli phee ngati mlendo amene waona kuti eni nyumba ali otanganidwa, abwerenso tsiku lina.

Kupepuka kumeneko ndi kumene kunamuopsa. Anakankha chitseko.

Kutsogolo kunalibe munthu. Choko chinkagubuduka pansi mpaka chinadzagunda silipasi yake. Pa bolodi mawu anali atathera pakati. Diresi la buluu linali pa msomali wopachikapo dasitala, likugwedera pang'onopang'ono.

A Chirambo anadzutsa mutu. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana Msiyeni kuyambira kumutu kosapesa mpaka ku masilipasi, anayang'ananso kutsogolo.

"Mwatulukira pati? Khomo ndi limodzi ili."

Ana onse anamuyang'ana ngati munthu wolowa m'tchalitchi pakati pa pemphero.

A Chirambo anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. "Madamu Gwedeza, phunziro ili laposa onse amene ndaona chaka chino. Malikisi ndalemba kale apa. Ingomalizitsani." Mawu awo anali opempha. Ankafuna iye angovomera, kuti iwo akwere galimoto yawo abwerere m'tauni ndi mutu wabwinobwino.

"Sindinali ine, sala."

"Madamu..."

"Pasiwedi yanga ndinabwereketsa. Mu akaunti yanga muli wina, ndipo mapulani amene mwakhala mukuyamikira si anga. Ndayesa kusintha, nambala ndi yakale. Ndithandizeni kumutulutsa."

"Mukudziwa chimene ndichite ndi zonse zili m'menemo?"

"Ndikudziwa."

A Chirambo anatseka buku lawo, ananyamula laputopu, n'kufunsa kumene netiweki imagwira. Anatuluka awiriwo kulowa mu nkhungu. Asanafike pakati pa bwalo, kumbuyo kwawo choko chinayambanso kukwecha, ndipo ana anayambanso kuyankha pamodzi, kupitiriza pomwe analekezera. A Chirambo sanacheuke. Anangowonjezera liwiro, miyendo yaitali ija ikupetapeta m'mame.

Pa golo anagwada bondo limodzi, laputopu pa bondo linalo. Netiweki inagwira, inaduka, inagwiranso. Analowa ndi mphamvu zawo za ku koleji, anachotsa nambala yakale, anaika imene Msiyeni anali nayo m'manja. Timanambala tinabwera pa foni yake, iye anatilemba yekha.

"Tsopano yatsopano," anatero, n'kutembenuzira nkhope kumbali. "Mawu angapo osagwirizana. Lisakhale dzina la munthu."

Msiyeni analemba, milomo ataitseka zolimba.

Kenako pa laputopu panabwera funso. A Chirambo analiwerenga mokweza: "Pali chipangizo china chimene chidakali mkati. Chitulutsidwe?" Anayang'ana pamene pamalembedwa malo amene chipangizocho chili. Anachotsa manja msanga pa laputopupo.

"Dinani inuyo," anatero. "Nyumba ndi yanu."

Chala chili m'mwamba, mawu anamveka kumbuyo kwake, pafupi, mu nkhungu momwemo. Anali mawu a amayi ake, aja ankamuitanira ali mwana kuti abwere adzasambe madzi asanazizire.

"Dolifa."

Khosi linayamba kutembenuka lokha. Kuvomera kunali kutafika kale pa lilime, kofunda, kokoma ngati kufika kwanu patapita zaka. Msiyeni analuma mlomo mpaka anamva mchere wa magazi, n'kudina.

Ku sitandade 4 mawu a ana anadukira pakati. Kunakhala bata loti munthu n'kumva mame akudontha pa mtengo wa golo. Kenako kunamveka mapazi, ana onse akudzuka pansi nthawi imodzi, ndipo mawu awo anadutsa bwalo lonse, okoka, aulemu:

"Pitani bwino, madamu."

Mbuzi zimene zinagona m'kanjira kopita kumsewu zinayamba kudzuka imodzi imodzi, kupatukira kumbali, yapafupi kaye, kenako ya patsogolo pake, kenako ya kutali, mpaka nkhungu inabisa zotsalazo.

A Chirambo atadzuka anasasa bondo, n'kuchita zimene ananena ku koleji. Anafufuta mapulani onse, abwino aja pamodzi ndi a yesetsani omwe, Msiyeni akuona. Anang'amba tsamba la malikisi m'buku lawo, n'kulipinda kangapo, osadziwa koliika, mpaka analilowetsa m'thumba la kumbuyo.

"Anzanu akamapita kwawo, inu mudzatsala kuno teremu ina," anatero. "Za lero ndikalemba kuti akaunti inalowedwa ndi munthu wosadziwika. Zina sindilemba." "Belu silinalire. Tiyeni ndikaone mphunzitsi amene ndinamutumiza kuno."

Msiyeni analowa m'kalasi ndi masilipasi ake omwewo. Ana anali chiimire, akuyang'ana kukhomo, osati kwa iye. Anawauza kuti akhale pansi, anakhala mozengereza. Mtsikana wa kutsogolo uja anakweza dzanja.

"Madamu, madamu enawo abweranso liti?"

"Sabweranso," anatero Msiyeni. "Mwatsala ndi ine."

Mtsikanayo anagwetsa nkhope. Kumbuyo wina anayamba kufwenthera, misozi ili mbwee. Msiyeni anafufuta bolodi lonse ndi chikhatho, anatola choko pansi, ndipo pa chilembo choyamba chenicheni chokocho chinathyoka, chidutswa n'kudumphira pamutu pa mwana. Wina anaseka. Mnzake anamukankha. Pakona awiri anayamba kulandana pensulo, wina akuti madamu uyu wanditsina, phokoso n'kudzaza kalasi ngati msika. A Chirambo anapukusa mutu, n'kulemba kanthu kakafupi m'buku mwawo.

Msiyeni anaima pakati pa phokosolo, dzanja lili mbuu ndi fumbi la choko, n'kulisiya kaye lipitirire pang'ono asanawakalipire.

Nkhani yake ndi imeneyo. Amene mukupita kutali nyamukani awiriawiri.